Chotupa pa kavalo kapena bulu: musanagwire leza

Kavalo kapena bulu akatuluka chotupa, dzanja la mwini wake limathamangira zinthu zitatu: leza, ulusi womangira, kapena oyilo wakuda wokhetsedwa mu injini. Vuto lake ndi lakuti pakhungu la nyama zimenezi pamamera zinthu zambiri zofanana nkhope koma zosiyana mtima. Chithupsa chakupsa chimafuna kutumbula. Chotupa china, mukangochikanda, mwachiputa, ndipo chibwerera chachikulu kuposa kale. China m'kati mwake muli matumbo. Ndiye ntchito yoyamba si kuchiza, koma kudziwa chimene mwagwira.

Kuno ku Mchinji ndi ku Kasungu akavalo ndi owerengeka. Abulu ndiwo timakumana nawo tsiku ndi tsiku akukoka ngolo za mtedza, soya, fodya ndi njerwa. Khungu la awiriwa limadwala pafupifupi matenda amodzimodzi, choncho zonse zili m'munsimu ndi za onse, kupatula pomwe ndanena kuti akusiyana. Ndipo tichotseretu chikayiko chimodzi: matenda a ng'ombe aja otulutsa zotupa thupi lonse, lumpy skin, sagwira kavalo kapena bulu. Ng'ombe zanu zikadwala amenewo bulu n'kutulukanso zotupa, bulu ali ndi vuto lakelake.

Yambani ndi dzanja ndi maso. Wina agwire chingwe cha kumutu ataima mbali imene inu mwaima, kuti nyama ikadzidzimuka ithawire kwina osati pa inu. Musaime kumbuyo kwenikweni. Yalani chikhatho pakhosi, n'kumachiyendetsa pang'onopang'ono mpaka pa chotupacho, osati kungofikira pomwepo ngati mukugwira nkhuku. Imvani ngati n'chotentha kuposa khungu loyandikana nalo. Dinikizani ndi chala: chikubwerera ngati muli madzi, chikusiya dzenje, kapena n'cholimba ngati nsangalabwi? Tsinani khungu pamwamba pake, muone ngati likuyenda palokha kapena lamatirira. Kenako mufufuze malo amene anthu ambiri sayang'ana: kunsi kwa mchira, m'khwapa, m'mphechepeche, chikopa cha chokodzera, m'makutu, m'zikope. Chotupa chimene mwachiona nthawi zambiri chimakhala ndi anzake obisala.

Mukatero chiyezeni ndi rula, m'litali ndi m'lifupi, mulembe mamilimita ake ndi tsiku. Chijambuleni pa foni mutaika bokosi la machesi pambali pake kuti kukula kuzioneka. Bwerezani pakatha milungu 2 iliyonse. Maso a munthu woona nyama tsiku ndi tsiku saona kukula, koma rula saiwala, ndipo mlangizi wa ziweto wa ku EPA yanu (ofesi ya alangizi a zaulimi ya dera lanu) mukamutumizira zithunzi zitatu za masiku osiyana pa WhatsApp, mwamupatsa theka la yankho. Pimaninso kutentha kwa thupi ndi thermometer kotulukira ndowe. Kavalo wamkulu wathanzi amakhala pa madigiri 37.5 mpaka 38.5. Bulu amatsikirapo pang'ono, cha m'ma 36.5 mpaka 37.8. Chotupa chobwera ndi kutentha thupi komanso kukana kudya si nkhani ya khungu lokha, n'chofuna dotolo tsiku lomwelo. Kwa bulu izi n'zofunika kwambiri, chifukwa bulu amabisa ululu, ndipo akasiya kudya masiku ochepa chabe mafuta amadzaza m'magazi ake, chiwindi n'kuwonongeka.

Funso lothandiza koposa ndi lakuti chabwera liti. Zobwera usiku umodzi si khansa. Mukadzuka n'kupeza khosi ndi nthiti zadzaza timabwampu tafulati, ubweya utaimirira pamwamba pake, ndipo mukadinikiza chala chikusiya dzenje, zimenezo ndi ziwengo, zonga zimene munthu amatuluka akakhudza chitedze. Zimayamba ndi tizilombo toluma, chakudya chachilendo, kapena mankhwala monga penicillin. Zambiri zimaphwa zokha pa tsiku limodzi kapena 2. Thirani madzi ozizira, siyani chatsopano chimene munayambitsa sabata imeneyo, basi. Zikafika pamphuno ndi m'zikope nyama n'kumapuma movutikira, imeneyo ndi ngozi, pafunika jakisoni wa dexamethasone kwa dotolo. Musazolowere kubaya nokha mankhwala amenewa chifukwa pa akavalo ndi abulu angathe kuyambitsa kutupa kwa m'kati mwa ziboda.

Chotupa chofewa, chachikulu, chobwera pambuyo pomenyedwa theche ndi mnzake kapena kugundidwa ndi mtengo wa ngolo, nthawi zambiri pachifuwa kapena pantchafu, muli magazi. Musatumbule. Masiku 2 oyamba thirani madzi ozizira kwa mphindi 15 mpaka 20, katatu patsiku, nyama ipume. Mukachiboola msanga magazi sasiya kutuluka, ndipo mwatsegulira tizilombo khomo lolowera m'thumba lodzaza chakudya chawo. Zing'onozing'ono thupi limamwa lokha pa milungu ingapo. Zazikulu dotolo amazitsegula kunsi pakatha sabata kapena kuposerapo, magazi ataundana.

Chithupsa chimasiyana ndi chimenechi chifukwa chimatentha, chimapweteka, ndipo chimayamba cholimba n'kumafewa pakati m'masiku angapo. Chithoweni ndi nsalu yoviika m'madzi otentha amene dzanja lanu likuwapirira, mphindi 15 kawiri patsiku, mpaka pakati pafewe ubweya uyambe kuthothoka. Potumbula amacheka kunsi kwake kuti mafinya azitsika okha. Mukacheka pamwamba mwapanga chitsime. Tsukani m'kati tsiku ndi tsiku ndi sirinji yopanda singano. Madzi ake ndi lita imodzi yowiritsa, yozizira, mutasungunulamo masupuni a tiyi 2 osasefukira a mchere, kapena ayodini wa povidone wosungunula mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mphamvu. Ayodini wosasungunula amawotcha mnofu umene ukufuna kumera. Bala lichire kuchokera m'kati. Likatsekeka pakamwa m'kati muli mafinya, mudzayambiranso.

Pali zithupsa ziwiri zosati muzichite nokha. Choyamba ndi cha pansi pa chibwano kapena kunsi kwa khutu, pa nyama yotentha thupi, yotuluka mamina a mafinya. Amenewo kawirikawiri ndi matenda a strangles, opatsirana kwambiri kudzera m'ndowa, m'zingwe ndi m'manja mwa anthu. Ipatuleni, ikhale ndi ndowa yakeyake, ndipo musathamangire maantibayotiki chithupsa chitayamba kale, chifukwa amangochichedwetsa kupsa. Chachiwiri ndi kutupa kwa pamene munabaya jakisoni, kotentha, kofalikira mofulumira, komveka kuthetheka pansi pa khungu mukakudinikiza ngati muli mpweya. Kumeneko mnofu ukuwola ndi tizilombo ta Clostridium, ndipo nyama imatha kufa m'masiku ochepa.

Pa mchombo wa mwana wa kavalo kapena wa bulu, chotupa chofewa chimene mukachikankha chimalowa m'mimba n'kusiya bowo lolowa zala 2 kapena 3, ndi matumbo. Leza pamenepa ndi imfa. Mabowo aang'ono ambiri amatsekeka okha mwana akamakwanitsa miyezi 6 mpaka 12. Lalikulu limafuna opaleshoni. Tsiku limene chalimba, chatentha, chakana kubwerera m'kati, matumbo apanika, thamangani.

Njerewere zenizeni ndi za ana, osapitirira zaka 3 kapena 4. Zimamera zambirimbiri pamlomo ndi pamphuno, zotuwa, zazing'ono ngati mapira. Zimachoka zokha m'miyezi ingapo thupi likazolowera kachilombo kake, ndiye chifukwa chake mankhwala alionse amene munthu anapaka mwezi womaliza amatchuka kuti ndi amphamvu. Zisiyeni. Koma "njerewere" pa nyama ya zaka 7, kapena yomera m'khwapa, m'mphechepeche kapena pachikope, kapena yomwe yatha chaka osachoka, musaitchenso njerewere.

Imeneyo muiganizire kuti ndi sarcoid, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Sarcoid ndiye chotupa chofala kwambiri pakhungu la akavalo, abulu ndi nyulu padziko lonse, mbidzi nazonso zimadwala. Chimagwirizana ndi kachilombo ka njerewere za ng'ombe, bovine papillomavirus, makamaka mtundu 1 ndi 2, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti ntchentche zimathandiza kukafikitsa pa mabala. Kwa ife amene bulu amagona khola loyandikana ndi la ng'ombe, mfundo imeneyi si yongowerenga m'mabuku. Sarcoid sichipita ku mapapo kapena ku chiwindi, koma chimamera mizu yosaoneka m'khungu loizungulira, ndipo nyama imene ili nacho chimodzi imakhala yosavuta kutuluka china moyo wake wonse.

Chimasocheretsa chifukwa chimavala nkhope zisanu ndi imodzi. Pali chafulati, kadera kozungulira kothothoka ubweya, kotuwa, kokhakhala pang'ono, kamene aliyense amati ndi chipere. Kusiyana kwake, chipere chimafalikira kwa nyama zina ndi kwa anthu, ndipo chimatha pa mwezi umodzi mpaka 3 ubweya n'kumeranso, pamene ichi chimangokhala pomwepo chaka ndi chaka. Pali chonga njerewere, chouma, chankhanambo. Pali chonga nsawawa kapena dzira pansi pa khungu losalala, kawirikawiri pachikope, m'mphechepeche ndi pachikopa cha chokodzera. Pali chamnofu wofiira, chonyowa, chotuluka magazi chikangokhudzidwa, chokopa ntchentche. Pali chosakaniza zonsezi. Ndipo pali choopsa, chosowa, chimene chimayenda ngati mikanda pansi pa khungu. Chofunika kumvetsa n'chakuti mitundu yofatsa ija imasanduka yamnofu wofiira ija ikaputidwa. Kuicheka pang'ono, kuikanda, kuipaka asidi wa batire, kuiwotcha ndi chitsulo, kapena lamba kumaikhula tsiku ndi tsiku, zonsezi ndi njira zosandutsira kadera ka masentimita 2 kukhala chilonda chonga chibakera.

Ndiye sarcoid chaching'ono, chouma, chosakula, chokhala pamalo posakhulidwa ndi lamba kapena chishalo, n'chololeka kuchiyang'anira ndi rula uja. Koma musachite ulesi n'kumati ndikuyang'anira. Chikayamba kukula, nthawi yabwino yochichotsa ndi pamene chili chaching'ono, ndipo kuyesa koyamba ndiko kuli ndi mwayi waukulu. Chilichonse chobwerera chimavuta kuposa choyamba.

Podula, dotolo sadula chotupa chokha. Amachotsa ndi khungu looneka labwino sentimita imodzi mpaka 2 mozungulira, osakhudza chotupacho ndi mpeni, n'kusintha magolovesi ndi zitsulo asanasoke, kuopa kubzala maselo ake m'bala. Podula wamba mosasamala zimenezi, theka kapena kuposerapo zimabwerera, zambiri miyezi 6 isanathe. Kumanga kumagwira pa mtundu umodzi wokha, cholendewera chokhala ndi khosi lopyapyala, chimene mukachikoka mukumva kuti kunsi kwake kulibe muzu. Pamenepo dotolo amaika mphira wothenera mbuzi pa khungu labwino kuseri kwa chotupa chonse, ndipo chimauma n'kugwa pa milungu 2 kapena 3. Mphira kapena ulusi ukadutsa pakati pa chotupa, mwangodula mutu, muzu watsala ndipo wakwiya. Pachikope musamange n'komwe.

Njira zina zilipo, kungoti kuzipeza kuno n'kovuta. Kuumitsa ndi liquid nitrogen, yemwe uja amasungira umuna wa ng'ombe pa madigiri 196 kunsi kwa ziro, amachita maulendo 2 kapena 3 kuumitsa ndi kusungunula, ndipo pamalopo pamamera ubweya woyera. Mafuta a imiquimod 5% amapakidwa katatu pa sabata kwa miyezi ingapo pa zafulati ndi zazing'ono. Amatupitsa ndi kupweteka, moti nyama imayamba kukana kugwiridwa. Palinso mafuta a 5-fluorouracil, jakisoni wa cisplatin wobaya m'chotupa momwemo, ndi mafuta amphamvu a AW5 amene anayambira ku yunivesite ya Liverpool, amene amaperekedwa kudzera kwa madotolo okha. Pa zozungulira diso ena amabaya BCG, katemera yemwe uja wa TB wa makanda, maulendo angapo, koma amatha kudzidzimutsa thupi mpaka kupha, choncho dotolo amakhala ndi mankhwala oletsa pafupi. Onsewa ndi mankhwala oopsa kwa munthu wopaka. Magolovesi ndi lamulo, ndipo mayi woyembekezera asawayandikire.

Tsopano, chilonda chofiira chotukumuka sichikhala sarcoid nthawi zonse. Chili ndi anzake awiri ofanana nacho kwambiri, ndipo m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo ntchentche zikachuluka, onse atatu amaonekera pamodzi.

Woyamba ndi chilonda cha njoka za m'mimba za mtundu wa Habronema ndi Draschia. Njokazi zimakhala m'chifu cha kavalo, mazira amatuluka ndi ndowe, mphutsi za ntchentche zimawadya, ndipo ntchentche ikakula imakasiya tiana ta njoka pamlomo wa nyama kuti timezedwe. Ikatisiya pa bala, pangodya ya diso ya kumphuno, kapena kunsonga kwa chokodzera, tianato tasochera. Sitingakule, koma thupi limalimbana nato koopsa. Zizindikiro zake ndi kuyabwa kwambiri, nyama kumadziluma kapena kudzikhula pamtengo, ndi timiyala tachikasu tolimba ngati mpunga wosweka m'kati mwa mnofuwo. Chimachepa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye n'kubwereranso mvula ikagwa. Sarcoid sichiyabwa chotero ndipo sichidziwa nyengo.

Mankhwala ake ndi ivermectin womwetsa, mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu iliyonse, kapena moxidectin 0.4, ndipo dotolo angabwereze pakatha milungu ingapo. Pachilonda amapaka mafuta okhala ndi steroid ochepetsa kutupa, n'kuchiphimba kuti ntchentche zisabwererepo. Mnofu ukachuluka amayamba waupala. Cholakwika chofala ndi kuyerekeza kulemera ndi maso. Kwa kavalo, tengani tepi ya telala, muyeze kuzungulira chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, ndi kutalika kuchokera pansonga ya phewa mpaka pansonga ya thako, m'masentimita. Chifuwa muchichulukitse ndi chifuwa chomwecho, kenako ndi kutalika, mugawe ndi 11,900. Kavalo wa chifuwa 170 ndi kutalika 150 akulemera pafupifupi makilogalamu 364, ndiye ivermectin wake ndi mamiligalamu 73. Masamu amenewa sagwira bwino pa bulu chifukwa thupi lake linaumbidwa mosiyana. Abulu akuno ambiri safika makilogalamu 200, choncho chubu chonse cha kavalo n'chochuluka. Ivermectin wa jakisoni wa ng'ombe musabaye kavalo kapena bulu mumnofu. Ndi imodzi mwa njira zoitanira kuwola kothetheka kuja.

Mnzake wachiwiri ndi mnofu wopitirira muyezo pa bala la kumwendo, kunsi kwa bondo. Kumeneko khungu ndi lothina, magazi sayenda bwino, ndipo bala limangogwedezeka nyama ikamayenda, ndiye mnofu wodzaza bala umapitirira kukula mpaka kutukumuka pamwamba pa khungu. Khungu latsopano limayenda chafulati kuchokera m'mbali, silikwera phiri, choncho bala limaima. Dotolo amausenga mpaka ulingane ndi khungu. Ulibe mitsempha ya ululu koma umatuluka magazi ochititsa mantha, ndiye pamafunika bandeji yothina bwino ya thonje lokwanira, yosintha pa masiku 2 kapena 3, ndi mafuta a steroid kwa masiku ochepa. Mankhwala owotcha monga copper sulphate amadya mnofuwo, inde, koma amadyanso kamzere kotuwa ka khungu latsopano m'mbali, kamene ndiko mukukadikira. Bala lotere likasengedwa kawiri n'kubwereranso, ganizirani kuti mwina sarcoid chameramo, chifukwa chimakonda mabala akale.

Kavalo wobadwa wakuda kapena wofiirira n'kumayera akamakula ali ndi chotupa chakechake, melanoma. Mwa akavalo otere opitirira zaka 15, pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakhala nacho. Tukulani mchira, mudzapeza timibulu takuda, tolimba, tosalala, kunsi kwa mchira ndi kuzungulira kotulukira ndowe, nthawi zina pachikopa cha chokodzera, pamilomo kapena kunsi kwa khutu. Tikaphulika timatuluka zakuda ngati phula la pamsewu. Kale ankati tisiyeni, koma nzeru ya masiku ano ndi kuchotsa tikadali tating'ono ngati nsawawa, chifukwa tikalumikizana timatseka njira ya ndowe, ndipo tina timalowa m'kati mwa thupi. Melanoma pa kavalo amene si woyera motere imakhala yaukali kwambiri. Bulu wotuwa musamudere nkhawa, kutuwa kwake si komweku ndipo melanoma pa abulu ndi yosowa.

Khansa imene dzuwa lathu limathandizira ndi squamous cell carcinoma. Imagwira khungu lopanda mtundu, lofiirira ngati la mkati mwa mlomo: m'mphepete mwa zikope, pa kachikope kachitatu kamene kali pangodya ya diso, pamphuno yoyera, pachokodzera cha amphongo okalamba makamaka othena, ndi kumaliseche kwa aakazi. Imayamba ngati diso longotuluka misozi kapena kachilonda kosapola, kenako kamnofu kokhakhala kotuluka magazi, konunkha. Diso lotere likatha milungu 2 likupakidwa tetracycline osasintha, lekani kupaka, lionedwe. Ikagwidwa ikadali pa kachikope kachitatu, dotolo amangochotsa kachikopeko, nyama n'kutsala ndi diso lake. Mukachedwa, diso lonse limachoka, ndipo ikafika mu anabere a pansi pa chibwano zinthu zavuta. Imeneyi, mosiyana ndi sarcoid, imayenda kupita ku ziwalo zina. Kavalo wa nkhope yoyera akhale pamthunzi dzuwa likakhala paliwombo, makamaka Seputembala mpaka Novembala. Amphongo muziwatsuka chokodzera ndi madzi ofunda kamodzi kapena kawiri pachaka, osati chifukwa cha ukhondo wokha koma kuti mupeze mpata woona. Kununkha, magazi, kapena kukodza momwaza ndi chenjezo.

Timibulu tolimba, tosapweteka, tosayabwa, tokutidwa ndi ubweya wabwinobwino pamsana pokhala chishalo, kawirikawiri timayamba ndi kulumidwa ndi tizilombo. Sitoopsa. Ngati sitikukhulidwa tisiyeni, ngati tikusokoneza dotolo amabayamo steroid pang'ono kapena kutichotsa.

Za goli ndiye sindingazilambalale. Bulu si ng'ombe. Ng'ombe ili ndi linunda ndi khosi lonyamula goli, pamene bulu mphamvu zake zili pachifuwa. Mukamuveka goli la ng'ombe, mtengo umakhala pafupa la khosi, ndipo zotsatira zake ndi zimene timaziona pa abulu ambiri a ngolo: ubweya kuthothoka, khungu kukhuthala, thumba la madzi pamwamba pa khosi, kenako chilonda chosapola chimene ntchentche zimachipeza. Palibe mankhwala amene angapoze chotupa chimene mawa m'mawa chikasenzanso goli. Pafunika lamba wa pachifuwa wotambalala ngati chikhatho, wa chinsalu cholimba kapena wokutidwa ndi nsalu ya thonje, ndi kachishalo ka pamsana konyamula kulemera kwa mtengo wa ngolo, kokhala ndi mpata pakati kuti kasagunde fupa la msana. Lamba wa tayala wosakuta, waya ndi mfundo za nayiloni zimadula khungu likanyowa ndi thukuta. Oyilo wakuda pachilonda amapha mnofu watsopano ndipo amamata dothi. Jivi naye, ngakhale si woipa pa tizilonda tating'ono, musapake tsiku limene dotolo akubwera, chifukwa amabisa mtundu wa chilonda umene iye akufuna kuona.

Pali zotupa zina zimene si zanu nokha, ndi za boma. Mukaona timibulu tondondozana pamzere ngati mikanda, kukwera ndi mwendo, pachifuwa kapena pakhosi, tolumikizidwa ndi chingwe cholimba pansi pa khungu, tikuphulika mafinya, ipatuleni nyamayo, valani magolovesi, ndipo dziwitsani ofesi ya za ziweto ya boma lanu. Akhoza kukhala epizootic lymphangitis, matenda a fangasi amene asautsa kwambiri akavalo a ngolo ku Ethiopia, ofalikira ndi malamba ndi ntchentche. Amafanananso ndi glanders, amene amapha ndi anthu omwe. Kutupa kwa maenje a pamwamba pa maso pamodzi ndi kutentha thupi kofika 40, kumapeto kwa dzinja, ndi chizindikiro cha African horse sickness, yofalitsidwa ndi touluka ting'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha, tochuluka m'madambo onga a Bua ndi Rusa. Akavalo ambiri ogwidwa amafa, abulu amapirirako. Ndipo kwa oweta kufupi ndi nkhalango ya Kasungu National Park, kutupa kofewa kunsi kwa mimba ndi m'miyendo pa nyama yowonda, yofooka, kukumbutseni matenda ofalitsidwa ndi kashembe. Pamenepo ofunika kupimidwa ndi magazi, osati khungu.

Maso okha, ngakhale a dotolo, amalephera kusiyanitsa zilonda zofiira zija, ndiye yankho lenileni limachokera ku labotale. Kanyama kodulidwa pachotupa kamaikidwa mu formalin wa 10%, mankhwala okasunga kuti kasawole, wochuluka kakhumi kuposa kanyamako, m'botolo la pakamwa patali, osakaika mufiriji youmitsa. Mlangizi kapena dotolo wa boma ndiye amadziwa njira yokafikitsira ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Koma ngati mukuganizira sarcoid, gwirizanani kaye zochita yankho likabwera, chifukwa kudula kachidutswa nakonso ndi kuputa. Nthawi zambiri n'kwabwino kuchotsa chonse kamodzi n'kutumiza chonsecho. Ndipo mpeni usanakhudze khungu, kapena mphira usanamangidwe, funsani za kafumbata. Akavalo ndi abulu amagwidwa naye mosavuta kuposa ziweto zina zonse. Nyama yosatemeredwa imafuna jakisoni wa antitoxin, woiteteza mwachangu, tsiku lomwelo, pamene katemera weniweni ndi majakisoni 2 otalikirana milungu 4 mpaka 6, kenako obwereza.

Zotsalazo ndi ntchentche ndi nkhupakupa. Ndowe zichoke m'khola tsiku lililonse, zikaunjikidwe patali n'kukwiriridwa, chifukwa m'menemo ndimo ntchentche zimaswana ndiponso m'mene zimatolera njoka zija. Bala lililonse litsukidwe tsiku lomwelo n'kuphimbidwa kapena kupakidwa mafuta othamangitsa ntchentche m'mbali mwake. Bala lonunkha lokhala ndi kabowo kotuluka madzi a magazi muliyang'ane ndi tochi, mukhoza kupeza mphutsi zitaimirira mitu pansi zikudya mnofu wamoyo. Zichotseni ndi kachitsulo kotsinira chimodzichimodzi, n'kupopera mankhwala a mphutsi za m'mabala. Nkhupakupa zazikulu zamawangamawanga zimaluma kunsi kwa mchira ndi m'mphechepeche n'kusiya zithupsa, ndiye n'zoyenera kuthana nazo, koma werengani botolo musanapopere. Dibi wa ng'ombe wokhala ndi amitraz ndi poizoni kwa kavalo ndi bulu: amaimitsa matumbo, ndowe n'kuuma m'mimba, nyama n'kumagubuduka ndi ululu. Gwiritsani mankhwala a gulu la pyrethroid, monga cypermethrin kapena deltamethrin, amene chizindikiro chake chikulola akavalo, pa mlingo wolembedwawo, ndipo yambani mwayesa kadera kakang'ono paphewa, mudikire tsiku limodzi muone ngati khungu latupa.